Zakeyu Sadya za M'mbale

A Greyson Chavula a pa Chiweta anali munthu woti ngakhale atatola singano pamsewu ankayenda nayo kufunsa mwini wake. Anaphunzitsa pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo monga mkulu wa mpingo ankadana ndi kuba kuposa machimo ena onse. Akazi awo, a Lettie, ankayanika usipa kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa kwa oyendetsa malole a malasha. A Lettie atamwalira anawasiyira thandala loyanikapo nsomba, zitenje za zipani zitatu zofunditsira usipa mvula ikamabwera, ndi mphaka wong'ambika khutu dzina lake Zakeyu.

Maliro atangotha, Zakeyu anasiya kudya.

A Chavula sanali munthu wochita zinthu mwachibwana. Anatulutsa mbale ya alendo, yamaluwa ija, n'kuikamo usipa wootcha. Zakeyu ananunkhiza n'kuchokapo. Anayesa mkaka, dzira, mpunga wa ku Karonga, koma ayi ndithu. Mwana wawo Tionge anatumiza pa minibasi kuchokera ku Mzuzu chakudya cha amphaka cha m'sitolo, chooneka ngati ndowe za mbuzi. A Chavula anayamba alawa okha, poti mlendo sapatsidwa chimene mwini nyumba sanalawe, ndipo anati mchere wachepa. Zakeyu sanachiyang'ane n'komwe. Anafika mpaka pomapempherera mbaleyo, poganiza kuti mphaka wokulira m'nyumba yopemphera sangadye zosadalitsa. Nthiti za mphaka zinayamba kuonekera.

Anthu ankaseka, koma a Chavula zinkawapweteka zedi. Chamoyo chokha chotsala m'nyumbamo chimene chinkawadziwa a Lettie chinali mphakayo, ndipo ankaona kuti akafa ndiye kuti aika maliro kawiri.

Mlamu wawo a Lena, mng'ono wa malemuwo, atabwera kudzawazonda anawapeza atagwada pakhonde akunyengerera mphaka ndi mutu wa mcheni. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anawafunsa ngati pazaka zonse zija anaonapo akazi awo akumuikira Zakeyu chakudya m'mbale.

"Alamu, mphaka uyu sanapatsidwepo kanthu chibadwire," anatero a Lena. "Ngwakuba chomene. Akulu anga ankaika usipa m'mphepete mwa thandala dala, n'kutembenuka. Iye aba, iwo amuthamangitsa ndi tsache. Kudya kwake n'komweko."

A Chavula, munthu amene anaimitsapo anzake mgonero pa mlandu wa nkhuku, lero akonze yekha umbava pakhomo pake. Anafunsa ngati sizingatheke kungomufotokozera mphakayo kuti akutenga mwachilolezo. A Lena anati sizingatheke, komanso kukalipako kukhale kochokera pansi pa mtima, apo ayi sadya.

M'mawa mwake a Chavula anayanika usipa, wina n'kuukankhira m'mphepete, n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri ngati kuli chachilendo. Anamva thandala likugwedezeka. Atacheuka anapeza Zakeyu ali ndi nsomba kukamwa, koma osathawa. Anangoima pomwepo akudikira.

"Bambo Zakeyu, zimenezo si zabwino," anatero a Chavula mwaulemu.

Mphaka analavula nsombayo.

Apo a Chavula anatola tsache. Mawu a akazi awo amene ankawamva m'mawa uliwonse ali m'chipinda akuwerenga Baibulo, osawalabadira n'komwe, anatuluka okha pakamwa pawo, Chitumbuka chake ndi kamvekedwe kake komwe kaja.

"Fumapo, munkhungu iwe! Wakuba wopanda manyazi!"

Zakeyu anatola nsomba ija, kuthamanga, kukwera mumtengo wa mango, n'kuidya yonse ndi mutu womwe. A Chavula anatsala ataima ndi tsache m'manja, misozi ili chuchuchu, chifukwa chiikire maliro aka kanali koyamba kuti a Lettie amveke pakhomopo.

Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anabwerera kuthandala, n'kukankhira usipa wina m'mphepete.