Kamvuluvulu pa Damu la Esiteti

Chimene ndimayamba kuona ndikakumbukira chaka chimenecho ndi matanga a maboti atatu atayanikidwa pa waya kuseri kwa chigafa cha fodya, akukupizika ndi mphepo ya mu Ogasiti. Anasokedwa kuchokera ku malona akale a mathiraki, ndipo dzuwa likawaomba ankanunkha dizilo ndi fumbi la misewu yakutali. Kumunsi kwa chigafacho kunali damu, ndipo ine damulo ndinkaliopa kuposa china chilichonse.

Kwathu ndi cha ku Chiosya, komwe mwana amakula akudziwa khasu, kukumba mtedza ndi kusoka fodya. Madzi tinkawadziwa a pa mjigo ndi a kudambo ofika m'mawondo. Damulo linali la esiteti yoyandikana ndi mudzi wathu, lalikulu moti munthu woima tsidya lina ankaoneka ngati chitsa, madzi ake obiriwira osaonetsa pansi. Linali litameza kale mnyamata wina woweta ng'ombe, choncho ife atsikana popita kunkhuni tinkalilambalala, maso kumbali.

Amene anatulutsa maboti m'chigafamo anali a Tembo, bambo wa imvi amene anali atapuma pa ntchito yoyendetsa mathiraki. Iwo anabadwira pa esiteti pomwepo, bambo awo ali kapitawo. Ankatiuza kuti mzungu amene anakumbitsa damulo ndiye anabweretsa mabotiwo, atagulira ana ake, ndipo nthawi ya holide ana a eni maesiteti ena, mpaka a ku Chipata, ankabwera kudzapikisana. Ana a antchito ankangoonerera ali pa khoma la damu, osaloledwa ngakhale kukhudza chingwe. Azunguwo atachoka, maboti anatsala chafufumimba m'chigafa, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Patapita zaka, a Tembo atapita ndi katundu kudoko la Beira, anaona maboti a mtundu womwewo akuyendetsedwa ndi ana akuda ngati ife. Kumeneko ndiko anamva kuti mtundu umenewu anaupangira dala achinyamata, okwera awiriawiri, ndipo kulikonse amawapanga ofanana kutalika, kulemera ndi kukula kwa thanga, kuti woluza asanamizire boti. Mwana akakula amatsika n'kusiyira ang'ono ake. Masiku odikira katundu a Tembo ankawathera pamenepo mpaka anaphunzira. Atabwerera kumudzi anapempha mabotiwo kwa manijala, anamata ming'alu, n'kusoketsa matanga kwa telala wa pamsika.

Ine ndinalowa mu zimenezi chifukwa cha Dalitso, msuweni wanga, mwana wa amalume. Ndinali nditangolemba mayeso a Sitandade 8, iye ali Fomu 2, wamtali ndi wolemera, ndipo a Tembo anamuuza kuti apeze mnzake wopepuka thupi. Anabwera kwathu amayi akuswa mtedza pakhonde.

"Azakhali, ndibwerekeni mwanayu tizikakwera limodzi boti."

"Mwanayu sadziwa kusambira, Dalitso."

"A Tembo akamuphunzitsa, azakhali. Ndiponso kuli majekete oyandamitsa."

Amayi anaswa mtedza wina, kenako anati, "Umufunse mwini wakeyo." Ndikudziwa ankayembekeza kuti ndikana. Koma Dalitso ndiye ankandibereka powoloka dambo nthawi ya mvula ndili Sitandade 1, ndipo ndinali ndisanamukanirepo kanthu. Ndinavomera.

Kuyambira pamenepo Loweruka linasanduka tsiku loopsa. Kukacha ndinkasesa pabwalo mwapang'onopang'ono, kutsuka mbale zotsuka kale, kupemphera kuti mphepo isaombe. Koma nthawi imeneyo mphepo siphonya, imagwetsa masamba a bulugama ndi kuumitsa milomo mpaka kung'aluka. A Tembo anayamba n'kutiphunzitsa kusambira m'mbali mwa damu, titakumbatira zigubu. Matope ake anali ozizira, oterera, olowa pakati pa zala, ndipo chilichonse chondikhudza mwendo ndinkachiyesa njoka. Kenako anatiika m'maboti. Dalitso ankagwira chiwongolero ndi chingwe cha thanga lalikulu. Ine ntchito yanga inali thanga laling'ono lakutsogolo, komanso boti likapendekeka ndi mphepo ndinkayenera kukoletsa mapazi pa lamba n'kutulutsa thupi lonse kunja, msana uli pamwamba pa madzi, kuti liwongoke. Anzathu ankakuwa ndi chimwemwe boti likamathamanga. Ine ndinkangomva madzi akuwaza m'khosi mwanga.

A Tembo sanali munthu wokalipa, koma zinthu zina ankazibwereza mpaka kutitopetsa. M'munsi mwa thanga lalikulu munali chitsulo chopingasa chimene chinkadutsa pamwamba pa mitu yathu boti likamakhota, ndipo ankati chimenecho chilibe chibale, tiziwerama. Ankatigudubuza dala pamalo osaya kuti tizolowere, n'kumati boti likagwa chinthu choyamba si boti ayi, ndi kuitana mnzako mpaka ayankhe.

Mpikisano waukulu anauika mu Okutobala, kunja kutatentha, anthu atasosa minda ndipo utsi wa mapesi uli paliponse. Pa khoma la damu panadzaza ana asukulu, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi madalaivala anzawo a a Tembo ochokera kuboda. Maboti atatu tinkayenera kuzungulira zigubu zachikasu zomangidwa kumiyala pansi pa madzi. Tinayamba bwino, ndipo pozungulira chigubu chakutali tinali achiwiri. Tili pakati penipeni pa damu, mphepo inangoti zii. Matanga analendewera, madzi anasalala ngati galasi, ndipo ndinkamva ngakhale kulira kwa mwana kumtunda. Kenako ndinaona kamvuluvulu akuchokera kuminda, wofiira, wamtali kupitirira mabulugama, atanyamula mapesi ndi mapepala. Kumudzi tikaona wotero tinkathawira m'nyumba. Apa panalibe kothawira. Anatsikira pamadzi n'kuwadetsa, akubwera molunjika ife, wenzulo ya a Tembo ikulira kutali.

"Masula chingwe chako," anatero Dalitso, mawu ake ali otsika modabwitsa.

Ndinamasula. Iye anaimirira pang'ono kuti amasule chake chimene chinali chitakola, ndipo nthawi yomweyo mphepo inatimenya kuchokera mbali imene sitinkaiyembekeza. Chitsulo chija chinadutsa ndi liwiro, ndinamva chikugunda chinthu ngati dzungu, kenako thambo ndi madzi zinasinthana malo.

Nditavuuka ndinapeza ndili mumdima wobiriwira. Boti linali litatembenukiratu, ine ndili kunsi kwake, mutu uli m'kampata kakang'ono ka mpweya. Kupuma kwanga kunkamveka ngati kwa munthu wina m'chimbiya. Jekete inkandikankhira m'mwamba, ndipo kuti ndituluke ndinkayenera kumira dala, kulowa m'madzi omwe aja ndinkawalambalala moyo wanga wonse. Thupi linakana. Ndinagwira lamba ndi manja onse, n'kuganiza kuti ndingokhala momwemo mpaka wina abwere. Ndinaitana Dalitso. Sanayankhe. Ndinaitananso, mawu anga n'kungondibwerera. Nditayang'ana pansi ndinaona mwendo wake chapatali pang'ono, kunsi kwa thanga limene linali litayala m'madzi, ndipo mwendowo sunkagwedezeka.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinakoka mpweya, ndinagwira m'mphepete mwa boti n'kudzikankhira pansi, madzi akulowa m'mphuno ngati tsabola. Ndinatulukira kunja fumbi ndi zinyalala zikugwa ngati mvula. Lona ikanyowa imalemera ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo inali itamuphimba kumutu. Ndinatsatira m'mphepete mwake ndi dzanja mpaka ndinakhudza kolala ya jekete yake, n'kukoka, kuponda boti ndi mapazi, kukokanso, mpaka anatuluka. Nkhope yake inali yotuwa, magazi akutsika pamwamba pa khutu lamanzere. Ndinaika chibwano chake paphewa langa, dzanja lina ndikugwira boti loterera, ndikumutchula dzina m'khutu mosalekeza. Mwendo wanga unkafunafuna pansi koma pansi panalibe. Kenako anatsokomola, anasanza madzi pakhosi panga, n'kutsegula maso.

"Tili kuti?" anafunsa.

"Pa damu. Gwira apa, usasiye."

"Anzathu atipitirira?"

A Tembo anafika ndi bwato lopalasa, anamukweza Dalitso kaye, kenako ine. Tikuyandikira kumtunda ndinaona amayi, amene sindinkadziwa n'komwe kuti abwera, ali m'madzi ofika pachifuwa ndi chitenje chawo, azimayi awiri atawagwira mikono kuti asapitirire.

Dalitso anamutengera kuchipatala pa lole ya dalaivala wina. Anamusoka, anachira, koma khutu lamanzerelo silinamvenso. Patapita masiku a Tembo anabwera kwathu, anakana mpando, n'kukhala pansi chipewa chili m'manja.

"Mayi, wolakwa ndine. Kamvuluvulu uja ndinamuona mochedwa."

Amayi anati, "Mukanapanda kumuphunzitsa kusambira mwanayu, bwenzi kuno kuli maliro, ndipo kwa achimwene kulinso maliro. Sindikukusungirani kanthu, a Tembo. Koma wangayu ayi, wakwana."

Sindinakwerenso boti, ndipo kunena zoona mtima unakhala pansi. Mipikisano inapitirira zaka zingapo m'miyezi ya mphepo yodziwika, osatinso mu Okutobala, ndipo ana ambiri a m'midzi yathu anaphunzira kusambira chifukwa cha maboti amenewo. A Tembo atamwalira panalibe wowalowa m'malo. Lero damulo linadzaza mchenga ndi bango, kumtunda kwake anthu amalimako tomato, ndipo ana a pamenepo ukawauza kuti pankathamanga maboti a matanga amaseka.

Anthu akwathu amati ndinali wolimba mtima. Si zoona. Nyengo yonse ija palibe tsiku limene mantha anandichokera, ngakhale pamene ndinkakoka kolala ija, ndipo sanandichokere mpaka pano. Chimene ndinaphunzira n'chakuti manja amatha kugwira ntchito mwini wake akunjenjemera. Dalitso tsopano ndi bambo wa ana anayi, amagula mtedza n'kukagulitsa kuboda. Za tsiku limenelo sakumbukira kalikonse kuyambira pamene tinazungulira chigubu chakutali, choncho tikakumana amandikhazika kudzanja lake lamanja, kumene kuli khutu lakumva, n'kundipempha kuti ndimufotokozerenso. Ndimafotokoza bwinobwino mpaka pofika pa mwendo uja wosagwedezeka. Pamenepo mawu amandithera, ndipo iye amangodikira kuti ndimutulutse m'madzi.