Pepala la Simenti pa Buku la Agogo Kondowe

Loweruka, 14 Juni 1986

Masana ano ndinali pabedi langa kuhositelo, ndikukutira makope atsopano, pamene anandibweretsera kaphukusi kochokera ku Mzuzu. Ndisanamasule chingwe ndinadziwa kale amene atumiza, chifukwa pepala lake linkanunkha utsi wa nkhuni za paini ndi mafuta opaka m'maondo, fungo la m'nyumba mwa agogo Kondowe. Ndaganiza zolemba za iwo lero, pakuti pali chinthu chimene ndinawachitira chomwe ndikachikumbukira ndimafuna kuseka ndi kubisala nthawi imodzi.

Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu ku Kaning'ina, m'mbali mwa nkhalango, kumene nkhungu ya m'mawa imafika mpaka pakhonde ndipo yunifolomu imatha masiku atatu pachingwe osauma. Ife tinachokera ku Ntcheu bambo atasamutsidwa pantchito. Agogowo anali kondakitala wopuma, amene anayenda zaka zambiri ndi basi ya pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, ndipo ngakhale atapuma ankalankhulabe ngati akuitana munthu wa kumpando wakumbuyo injini ikulira. Akati, "Monire, mwana wane!" nkhuku zinkabalalika. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi.

Ndili Sitandade 6 anandiitanira kukhitchini kwawo nandiikira mulu wa mapepala pamiyendo. "Iwe wa ku Ntcheu, Chichewa n'chakwanu," anatero. "Tawerenga, undiuze pamene lilime langa lapindika." Ndinawerenga masana ambiri, nditakhala pakampando kafupi, utsi ukundiliza maso, agogo aakazi a NyaLongwe akusenda chinangwa n'kumaponyera m'beseni. Pamene ndapeza cholakwa sindinkanena. Ndinkangoika kadontho kakang'ono ka pensulo, kakang'ono kwambiri moti agogo ankachita kukasaka ndi magalasi awiri, awo ndi a akazi awo.

Bukulo linali la zimene anaona m'basi, ndipo analitcha Tsikani Tikankhe. Nkhani imene ndinaikonda inali ya amuna awiri amene, pokana kukweza mbuzi yawo padenga, anaiveka jekete ndi chipewa n'kuikhazika pakati pawo, amvekere, "Ndi amalume, tikupita nawo kuchipatala, musawadzutse." Basi itafika pachitunda amalume aja anatulutsa mutu n'kudya matikiti onse amene anali m'dzanja la kondakitala.

Mabuku atasindikizidwa anabwera m'makatoni anayi. Anali a chikuto cha buluu, dzina la agogo lili pamwamba, ndipo patsamba loyamba panali chithunzi chawo atavala chipewa cha kuntchito. Loyamba kutuluka m'katoni anandipatsa ine.

Ine ndimasamala zinthu. Kufufuta sinding'amba tsamba, ndipo makope anga sapindika ngodya. Choncho nditafika kunyumba ndinatenga pepala la thumba la simenti, ndinalipukuta, ndinalisita, ndinalikutira buku lija bwinobwino kuti lisade. Zopindira zake ndinamata ndi phala la chinangwa. Phalalo linachuluka, ndipo tsamba loyamba, la chithunzi lija, linamatirira kuchikuto. Ndinaopa kulikoka. Pamwamba ndinalemba ndi zilembo zanga zokongola kwambiri: ESNATI, SITANDADE 6. CHONDE BWEZANI.

Amayi analiwerenga naseka mpaka ndiwo zinapserera. Lachinayi analitengera kumsonkhano wa azimayi a kumpingo, ndipo kuyambira pamenepo sindinalionenso. Ndinkangomva kuti lili kwa amayi a kwaya, kenako kwa mlamu wawo ku Nkhorongo, kenako kwa anamwino wina amene anaseka mpaka odwala kudzuka. Kawiri ndinapita kukalifunsa. Ndinkaima pakhomo, mawu osatuluka, eni nyumba n'kundipatsa nthochi, ine n'kuthokoza n'kubwerera.

Kwa agogo zinthu sizinkayenda. Loweruka lililonse ankapita kudepoti ya basi, n'kuyala thumba pansi, n'kundandalika mabuku a buluu aja. Koma munthu amene ankabalalitsa nkhuku ndi moni, pa buku lake mawu ankamuthera. Ankaima patali, manja kumbuyo, ngati katunduyo ndi wa munthu wina amene wapita kukamwa madzi. Anandiuza kuti mwezi wathunthu munthu mmodzi yekha ndiye anaima, ndipo anafunsa ngati thumbalo likugulitsidwa.

Kunyumba makatoni anayamba kuchita nkhungu yobiriwira m'mbali. Tsiku lina ndikutunga madzi ndinamva a NyaLongwe akuuza amuna awo kuti: "Adada, mwezi uno ukatha, mabuku awa ndikupatsa azimayi a mandasi akulungire. Bola anthu adzawerengako ndime imodzi asanapukutire manja. M'chipinda muno mukufunika bedi la mdzukulu wathu, osati chakudya cha mphemvu."

Agogo sanakuwe. Anangoti, "Nanga n'kukanira chiyani? Palibe ndi mmodzi yemwe amene waliwerenga, kupatula mwana uja." Madzulo amenewo moni wawo unali wapansipansi, ndipo nkhuku zinangopitiriza kudya.

Loweruka lomaliza la mwezi amayi anandituma kumsika, ndiye tinatsika limodzi ndi agogo. Kunali kamvula kowaza, msewu uli matope ofiira, agogo akupumira pa chitunda chilichonse chifukwa cha maondo. Ataonetsa khadi lachipani pageti, tinalowa m'depoti n'kuyala thumba pafupi ndi khonde la a Jere, telala wonenepa amene ankasoka zigamba za anthu a paulendo. Basi inali itachedwa. Anthu anali atazungulira makina a a Jere, akuseka mogwira pamimba.

"Ndiye kondakitala uja akuti, amalumewo akudwala chiyani?" ankatero a Jere. "Anyamata aja amvekere, khosi, bwana, satha kulankhula. Pamenepo amalume aja, meee! Mbuzi yoyera, jekete lakuda!"

Ndinaona makutu a agogo akuimirira. Anasendera pang'onopang'ono.

"Pepani, a Jere," anatero. "Mbuziyo inali yakuda. Loyera linali jekete."

"Inu mukudziwa bwanji, asekuru? Munali malume ake?"

Anthu anaseka. Agogo anakonza kolala. "Ndinali kondakitala wake. Ndipo nkhaniyo ndinalemba ndine."

Apa ndiye anthu anasekeratu. Mayi wina wogulitsa nthochi anachita kukhala pansi. "Chiuta wane!" anatero. "Munthu wamkulu, imvi mbuu, kufuna kulanda nzeru za mwana! Buku limenelo Mzuzu yense akulidziwa. Analemba ndi kamtsikana ka pasukulu."

"Esnati," anatero a Jere, "Sitandade 6. Akuti n'kamwana kolongolola chomene, kosaopa munthu. Aphunzitsi amachita kukathawa."

"Ine ndinamva kuti bambo ake ndi dalaivala," wina anawonjezera.

"Yayi, akuti anakatumiza kale kunja kukaphunzira."

Ine ndinali pomwepo, dengu m'manja. Agogo anatola buku limodzi la buluu naliika m'mwamba. "Ndi ili! Tsikani Tikankhe! Dzina langa si ili?"

"Asekuru, musativute," anatero a Jere. "Lathu si labuluu, ndi lakhaki. Ndipo lili pompano." Anatsegula kabati ya makina natulutsa buku langa. Linali litatupa ngati buledi, ngodya zitapindika, pamwamba pali chidindo cha kapu ya tiyi, koma zilembo zanga zinkaonekabe. Agogo anawerenga dzinalo, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye. Nkhope yawo inali ya munthu amene basi yamusiya akuiona.

Ndinaika dengu pansi, ndinapita kwa a Jere, ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kulanda bukulo. "Iwe mwana!" anakuwa. Ine ndinalowetsa chala pansi pa pepala la simenti lija, limene ndinalisita ndi manja anga, ndipo ndinaling'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Phokoso lake ndimalimvabe. Buluu anaonekera. Ndinakoka tsamba lomatirira lija, ndipo chithunzi chinatuluka chopanda khutu limodzi, koma chipewa ndi mphuno zinali za agogo.

"Esnati ndine," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Akuti chiyani?" wina anafunsa.

"Esnati ndine! Sindinalembe. Ndinangokutira!"

A Jere anayang'ana chithunzi, anayang'ana agogo, anayang'ana mabuku a pathumba amene anakhala akuwalumpha Loweruka lililonse popita kukagula ulusi. "Ndiye kolongolola kaja ndi aka?" anafunsa. Kenako anavula tepi m'khosi ngati akuvula chipewa. "Asekuru, mutikhululukire. Nanga bwanji osanena?"

"Ndanena, mwanditcha malume a mbuzi."

Mayi wa nthochi uja ndiye anayamba. "Poti alipo ambiri chonchi, tibwerekeniko limodzi."

Pamenepo mawu a agogo anabwerera, onse, a m'basi aja. "Kubwereka yayi! Mwakwera ulere chaka chathunthu, depoti yonse pa tikiti imodzi! Lero aliyense adule yake!" Nkhunda zinauluka padenga. Anakwera pabenchi n'kuyamba kuwerenga nkhani ya mkwati amene anakankha basi atavala suti, ndipo atafika pokoma anatseka buku. "Yotsalayo ili mkatimu." Basi itabwera, dalaivala analiza hutala katatu anthu asanasunthe. A Jere anagula asanu kuti aziika pamakina, akuti kasitomala wowerenga sadandaula kuti chigamba chachedwa.

Pobwerera thumba linali lopepuka. Titafika pachitunda chachiwiri ndinati, "Agogo, pepani." Iwo anapumira, nati, "Mwana wane, unaliveka jekete buku langa ngati mbuzi ija. Koma likanakhala lopanda iwe silikanakwera n'komwe." Mwezi unatha, ndipo azimayi a mandasi sanalandire kanthu. Makatoni anatha pang'onopang'ono, bedi la mdzukulu linalowa. Kuyambira tsiku lija agogo akandiona amafuula kuti, "Monire, alembi anzanga!" ndipo a NyaLongwe amati, "Musiyeni mwana, ndi yekhayo amene anakugulitsirani."

M'kaphukusi ka lero muli buku lawo lachiwiri, Tikankhenso, la chikuto chachikasu. Mkati aikamo kapepala: "Ili usaliveke jekete." Ndachita manyazi, chifukwa pamene ndinkawerenga mawuwo dzanja langa linali litafika kale papepala lokutira.

Mawa Lamulungu, tikachoka kutchalitchi, atsikana amakhala pakapinga kulukana tsitsi. Chiyambire Fomu 1 sindinalankhulepo pagulu limenelo. Mawa ndikakhala pakati pawo ndi buku ili losakutira, ndikayamba ndi kutchula dzina la agogo Kondowe mokweza, ndikawerenga nkhani imodzi n'kutseka pokoma. Akati ndiwabwereke, ndikati ayi. Ndayeserera kale kunena mawu amenewa kasanu ndi kawiri pagalasi, ndipo kachisanu ndi chiwiri anamveka ndithu.