Mayi Wosesa ndi Mizere Yofiira

Tsiku limene kompyuta ya pa situdiyo yojambula zithunzi inafa, zala zonse zinaloza wosesa. Anali mayi wamasiye wa ana awiri, amene mayeso omaliza a ku sekondale anamukana kawiri konse. Pantchitopo ankangomutchula kuti Mayi Tsache.

"Mwakoka nthambo pokolopa inu!" anakalipa bwana. "Muli zithunzi za maukwati asanu, eni ake sanatenge. Ndikawauze kuti abwereze ukwati?"

Mayiyo anangoti zyoli. Ankadziwa kuti ntchito yathera pomwepo.

Chiyembekezo chinatsala pa kabokosi kakuda ka pansi pa tebulo, momwe pulogalamu ina inkakoperamo zithunzi tsiku lililonse. Wojambula anakalumikiza ku laputopu, n'kutsegula lipoti lake. Munali mizere yofiira yokhayokha, yachingerezi chouma: jenala yasefukira, zolembedwa zatayika.

"Zatayika, bwana," anatero wojambulayo atagwira mutu. "Kwatha basi."

Koma mizere imeneyi Mayi Tsache ankaidziwa. Kwa chaka chathunthu ankaiona pa kompyuta ija m'mawa popukuta fumbi, anzake akungoitseka osawerenga. Iye ankaikopera m'kope, ndipo pa nthawi yopuma ankafufuza liwu limodzilimodzi pa foni yake yosweka galasi. Miyezi yoyamba sankatolapo kanthu. Anzake ankamuseka kuti tsache nalo likufuna digiri. Iye ankaseka nawo, mawa lake n'kukoperanso.

"Bwana, ndingalankhulepo?"

"Mukufuna muwonongenso chiyani?"

Mayi Tsache anapitiriza. "Jenala si zithunzi ayi. Ndi mndandanda chabe, momwe pulogalamu imalembamo kuti lero kwasintha ichi ndi ichi. Zithunzi zikabwera zambiri tsiku limodzi, mndandandawo umadzaza, mizere yakale n'kufufutika. Zikatero pulogalamu imasiya kuukhulupirira, imayambiranso kukopera zonse. Tatsitsani pansi, achimwene."

Wojambula anatsitsa monyinyirika. Kunsi kwa zofiirazo kunali kamzere kakuda, kosaoneka bwino: zonse zakopedwa, dzulo masana.

Wojambula anatsegula zithunzi za m'kabokosimo. Kenako chithunzi choyamba chinatulukira: mkwatibwi akuseka chikhakhali, chophimba kumutu chitapendekeka. Chachiwiri, chachitatu, mpaka maukwati onse asanu. Bwana anakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kupumira m'mwamba. Mayi Tsache anatuluka panja, anatsamira khoma, misozi ili chuchuchu, koma akumwetulira.

Wokonza makompyuta atabwera anapeza kuti disiki yosungira zithunzi m'kompyutamo inafa ndi ukalamba. Nthambo inalibe mlandu.

"Mayi, ndinakulakwirani," anatero bwana pamaso pa onse. "Kope lanulo, mungandibwereke?"

Mwezi wotsatira bwana anamutumiza kukaphunzira za makompyuta. M'kalasimo iye ndiye anali wamkulu kuposa mphunzitsi, ndipo ulendo uno mayeso anakhoza. Lero amayang'anira zosunga mafayilo m'maofesi anayi, ndipo anthu akaona zofiira amamuimbira asanayambe kulira.

Mnzanga, mwina nawe pali pamene moyo unakulembera zofiira, ena n'kunena kuti zako zatha. Usathamangire kuvomera. Chimene sukuchimva lero, chilembe, ufunse, mawa uchibwererenso. Mtima usagwe, m'bale wanga: ukadali ndi mpweya, nkhani yako sinathe.