Mudzi wa Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna, a Nyoni a ku Champiti, anasiya kukhala pansi. Kutchalitchi ulaliki wonse ankaumva chiimirire kumbuyo, chipewa kumanja, mpaka amayi anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu ndiye wopembedza weniweni. Njinga yawo ija anabwera nayo ku Joni, ya belu ndi kagalasi, ankangoikankha. Ukawapatsa mpando ankati, "Ayi mwanawe, ndinakhala mokwana m'sitima muja." Chonsecho sitimayo anatsika kalekale.

Ife tinkaseka. Koma Lolemba lapitali mkazi wanga anabwera kuchokera kwawo maso ali ofiira. Amayi ake anali atamunong'oneza kuti bambo akapita kuthengo akutaya magazi. Mkulu wawo wa a Nyoni anayamba chimodzimodzi, n'kuwonda, n'kumwalira, ndipo mpaka tinawaika m'manda palibe anatchula chimene chinawadya. Kunena zoona, ndinachita mantha.

Ana awo aamuna onse ali ku migodi. Ndiye wowaperekeza kuchipatala cha mishoni anali ndani? Ine mphunzitsi, mkamwini wawo! Chonsecho iwo ndi munthu amene ndikakumana nawo panjira ndimapatuka n'kunjuta, maso ali pansi.

Dokotala wake ndi mzungu wamtali amene Chinyanja anachiphunzira m'buku, ndipo amachinyadira moti safuna womasulira. Ine ndinaima pakona, nkhope kukhoma.

"Khalani pansi, bambo," anatero dokotala.

"Zikomo bwana, ndili bwino chomwechi."

"Chikukuvutani n'chiyani?"

Apongozi anatsokomola. "Mudzi, bwana."

Wa kuno aliyense akudziwa kuti munthu akati watuluka mudzi, akunena kanyama kotupa kamene kamatuluka kumene timakhalira. Koma buku la dokotala linangomuuza za mudzi wa nyumba ndi nkhokwe.

"Mudzi watani?"

"Watuluka."

"Wonse?"

"Wonse ndithu, bwana."

"Pepani kwambiri. Wathawira kwa Apwitikizi? Chifukwa cha msonkho?"

Apongozi anadabwa, koma ulemu unawagwira. "Ayi bwana, supita kutali. Ndimaubweza ndekha."

"Nokha? Ndinu munthu wamphamvu!"

"Koma pobweza pamakhala magazi."

Dokotala anadzambatuka pampando. "Magazi! Bambo, imeneyi si nkhani ya chipatala. Muyenera kukaonekera kwa bwana DC ku boma lero lomwe."

Atangomva za boma, apongozi anavala chipewa n'kuyamba kulowera kukhomo. Ndinaona kuti akatuluka pamenepa sabweranso, ndipo tidzawalira ngati mkulu wawo uja. Koma mkamwini angatchule bwanji malo amenewo apongozi ake ali pomwepo? Thukuta linanditsika mpaka m'masokosi.

Ndinalankhula ndi khoma. "Bwana, mudzi akunenawo ulibe nyumba, ulibe anthu. Ndi kumene munthu amakhalira. Kotulukira chimbudzi."

Dokotala anafiira ngati tomato wa pa Lizulu, kenaka anaphulika kuseka, akudzimenya pachipumi. Apongozi anayesa kukwiya, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine ndinathawira pakhonde kuti awayeze.

Nkhani yabwino ndi iyi: ndi mudzi wamba, osati chotupa choopsa cha m'matumbo. Anawapatsa mafuta opaka, n'kuwauza kuti azidya mgaiwa, masamba ndi zipatso, azimwa madzi ambiri, ndipo abwerenso kuti adzawaonenso. Mgaiwawo ndiye unawapweteka mtima, poti chibwerere ku Joni amati ufa woyera ndi buledi ndiye chakudya cha munthu woyenda.

Tisanachoke, dokotala anandiitana. Anati iye akufufuza matenda a m'matumbo. Kwawo ku Ulaya, akuti, chotupa cha m'matumbo chimapha anthu ambiri, koma kuno sachiona kawirikawiri, ndipo ankaganiza kuti mwina chinsinsi chili m'zakudya zathu. "Koma lero ndakayika," anatero. "Kodi matendawa kuno kulibe, kapena anthu amabwera nawo n'kundiuza za midzi?"

Funso limeneli landisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Ife anthu a kuno tili ndi luso lozungulira mawu. Sitipita kuchimbudzi, timakaona nyengo kuthengo. Sitidwala kumusi, timangoti m'thupi simuli bwino. Ulemu umenewu ndimaukonda, ndipo sindikuti tiyambe kutchula zonse pabwalo ana akumva. Koma taganizani: munthu wayenda mtunda wonse kuchokera ku Sharpevale, wakwera phiri, wafika pamaso pa dokotala, ndiye akafunsidwa n'kuloza mutu. Amupatsa mankhwala a mutu, athokoza mwaulemu, abwerera kwawo ndi matenda ake. Tikamaika maliro timati chipatala chinalephera. Chinalephera chiyani, poti chinachiza mutu umene munachipatsa?

Amuna ndiye tanyanya. Munthu analowa pansi pa nthaka ku Joni, miyala ikugwa, osaopa. Koma kuti anene kuti ndikakhala pansi pakundiwawa, bola afe.

Ndipo dokotala anandiuza chinthu china choti ndikuuzeni. Magazi a mudzi wamba ndi magazi a chotupa choopsa, kwa mwini wake amaoneka chimodzimodzi. Wosiyanitsa ndi woyeza. Chotupa chikapezeka msanga pali chimene angachite, koma chikakhalitsa amangokuyang'anani ndi chisoni. Mkulu wawo wa apongozi uja sitidzadziwa chinali chiti. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iwo anamva m'mimba n'kuchitseka ndi mpiringidzo.

Dzulo madzulo a Nyoni anafika kwathu. Mkazi wanga anawayalira chikopa cha mbuzi pampando mwa mwambo chabe, akudziwa kuti akana. Koma anakhala. Chammbali pang'ono, inde, ngati munthu wobisa kanthu m'thumba, koma anakhala. Mwana wawoyo anathamangira kukhitchini kukalira.

Ine ndinanjuta chapatali, kudikira mlandu wanga.

"Aphunzitsi," anatero, akuyang'ana kumbali, "pakamwa panu m'poipa."

"Pepani bambo."

"Chiyambire sindinaone mkamwini wopanda manyazi ngati inu." Kenaka anatsitsa mawu. "Lolemba muli ndi ntchito? A Ndau, mnzanga uja tinali naye ku mgodi, nawonso masiku ano akupembedza chiimirire."

Ndiye Lolemba ndikupitanso kukalankhula ndi khoma lija. Inu Lamulungu likubwerali, nyimbo ikatha onse n'kukhala pansi, mudzacheuke kumbuyo. Watsala chiimirireyo ndi wa kwa yani, ndipo amuperekeza ndani?