Andibereka pa kabaza

Mwaswera bwanji nonse. Matenda anga a tulo aja andichititsa manyazi lero.

Pochokera kuchipatala kukatenga mankhwala ndinakwera kabaza ya bambo ena achikulire. Ndinawachenjeza kuti ine tulo timangondigwira paliponse, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anaseka.

Tisanapite patali ndinali nditagona kale. Akuti ndimapendama ngati thumba la chimanga lomanga mbali imodzi. Bambowo anaima, n'kutenga chitenje changa chomwe, n'kundimangirira kumsana kwawo, mfundo pachifuwa. Eya, andibereka, ine wa zaka 24.

Ndinadzidzimuka tili pamsika, dovu langa lili pamalaya a eni ake. Njinga inali itaima ndendende pa benchi ya usipa ya amayi ake a Yusufu, yemwe tikuchita naye chinkhoswe mwezi wamawa.

Amayiwo anatiyang'ana, kenako anafunsa bambowo kuti, "Mwanayu wagona bwino?"

Bambowo akuti, "Sanavute, mayi."

Yusufu amadziwa za matendawa, koma kwawo sitinawauze. Amalume, ankhoswe ndinu. Tikawafotokozere, kapena tiwasiye azingoganiza kuti ndi mmene timayendera kwathu kuno?