Zitini za Amalume Pansi pa Bedi Langa

Linali Loweruka, cha m'ma folo koloko madzulo, chisanu chitangoyamba, pamene chitini chofiira chinalowa m'nyumba mwathu ku Woolwich. Chivundikiro chake chinali chopindika, ndipo penti inali itayenderera m'mbali n'kuuma ngati phula. Anachinyamula amalume, mchimwene wawo wa amayi. Pambuyo pake panabwera makatoni ena, mpaka pakhomo pa fulati yathu panasowa popondapo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndisanathe n'chaka chomwe chichokereni ku Malawi.

Amalume ankapenta magalimoto okalika ndi ophwanyika pang'ono. Galaja analibe. Ankagwira ntchito panja, kuseri kwa mashopu. Chaka chimenecho kunabwera lamulo lakuti penti ya galimoto yonunkha kwambiri, ija yosungunula ndi mankhwala otchedwa thina, ichoke m'mashopu chifukwa imaipitsa mpweya. M'malo mwake munadzaza ina yosakaniza ndi madzi. Amalume anaiyesa kamodzi kokha. Pozizira inkakana kuuma, fumbi n'kumamatirira.

"Penti yanji yofuna nyumba yofunda ngati khanda?" ankatero.

Choncho anazungulira mashopu, Peckham mpaka Ilford, kugula zitini zakale zonse zotsala. Mwini nyumba yomwe ankachita lendi anawakaniza kuzisunga. Ndiye zinabwera kwathu.

"Achemwali, zikhale pano masiku ochepa chabe."

"Palibe vuto, achimwene," anayankha amayi.

Mawu amenewo amandikwiyitsabe mpaka lero. Vuto linalipo, ndipo analiika pansi pa bedi langa. Zitini zina zinalowa m'kabati momwe ndinkapachika yunifolomu. Koma kwathu malume sakanidwa. Ndiwo mwini mbumba, ndiwonso anathamangathamanga kuti ife tibwere kuno. Amayi, amene ankanyamula nkhalamba tsiku lonse kunyumba yosamalira okalamba, pamaso pa mchimwene wawo ankasanduka kamtsikana.

Fungo lake sindidzaliiwala. Linali lozuna poyamba, kenako n'kukanda kukhosi. Linalowa m'pilo, m'tsitsi, ngakhale m'buledi wanga wa kusukulu. Ndinkadzuka mutu ukugunda, lilime litauma. Amayi ankatsegula zenera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ine n'kumavala ndikunjenjemera. Masiku ochepa aja anafika Khirisimasi, anapitirira.

Tsiku lina aphunzitsi anawerama kuti aone kope langa, fungo lija n'kuwafika. Pa buleki anandiitana ndekha. Ananunkhiza juzi langa, anandiyang'ana m'maso momwe munali mofiira, n'kundifunsa ngati ndimanunkhiza mankhwala kuti ndiledzere. Ana ena amatero, ndinadzamva pambuyo pake. Chingerezi changa chinali chochepa, manyazi anali ambiri. Ndinayang'ana pansi monga ndinaphunzitsidwira polankhula ndi akulu. Iwo anaona ngati ndavomera.

Anaitanitsa amayi. Ndinakhala pambali pawo atavala yunifolomu yawo ya kuntchito, manja ali pamiyendo. Aphunzitsi analankhula mofatsa, koma ananena kuti fungolo likapitirira adzadziwitsa a boma oona za ana, abwere adzaone momwe ndikukhalira. Mawu amenewo kholo lililonse lobwera kuno limawadziwa. Amayi sanatchule amalume ngakhale kamodzi. Anangoti, "Ndikonza." M'basi pobwerera anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi.

Madzulo ake anayesa pa foni.

"Achimwene, mwanayu akutsokomola."

"Ndi chisanu cha kuno chimenecho. Mugulireni jekete."

Kenako amalume anayamba nyimbo yawo ya masiku onse, yakuti mabasi akufuka utsi mumsewu koma boma laona chitini cha munthu wosauka, yakuti zitini zimenezo ndi golide chifukwa sizidzapezekanso. Amayi ankangoti "inde, inde," akuyang'ana kudenga. Ndikanakhala ine wa lero, ndili ndi mwana wangawanga, ndimadziuza kuti ndikanazitulutsa panja tsiku lomwelo. Komatu ndine munthu amene amalephera kubweza tiyi wozizira m'shopu.

Lamulungu lotsatira amalume anabwera kudzadya titachoka kutchalitchi. Amayi anaphika nkhuku yonse, anawapatsa nthutumba, n'kumawaonjezera mpunga osawafunsa. Anawafunsa za penti, iwo n'kufotokoza mpaka kunja kunada.

"Mupita bwanji ndi mvula imeneyi? Gonani konkuno, achimwene. Chipinda cha mwana ndiye chofunda."

Amalume anakanakana mwaulemu, koma anali atakhuta. Amayi anayala mashiti atsopano pabedi langa. Anatenga bulangete langa lokhuthala n'kuwaikira. Anatseka zenera lija ankatsegula tsiku lililonse, anakweza hita ya pakhoma, ndipo potuluka anatseka chitseko bwinobwino. Ine anandiyalira pansi pabalaza. Ndinagona nditatupa mtima. Zitini zawo zandidwalitsa, zandichititsa manyazi kusukulu, lero atenganso bedi langa. Pano ndikaganiza za hita ija ndi thina uja m'chipinda chotseka, ndimaona kuopsa kwake. Zikanatha kuipa.

M'mawa amalume anatuluka atagwira mutu, maso ali psuu, akutsokomola ngati galimoto yokana kulira. Anakhala pampando osapereka moni. Amayi anali atadzuka kale. Anawapangira tiyi, anagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Mwagona bwino?"

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine.

"Iwe, umagona mmuja masiku onse?"

Ndinavomera ndi mutu ndikuyang'ana pansi.

Sanapepese. Anamwa tiyi, n'kunena kuti mnzawo wina ali ndi kashedi ku Ilford, ndipo zitini zimasungika bwino pozizira, kutenthaku kukuziononga. "Mwaganiza bwino, achimwene," anatero amayi, n'kuyamba kuwathandiza kutulutsa makatoni.

Galimoto itachoka, amayi anasansa mashiti onse, anaviika yunifolomu yanga m'bafa, n'kutsegula zenera mpaka kumapeto. Ine ndinaima pakhomo la chipindacho ndikadali wokwiya, ndikuwafunsa chifukwa chomwe amalume anawapatsira bulangete labwino, ine n'kundigoneka pansi. Amayi ankapukuta pansi pa bedi, pomwe zitini zinasiya zizindikiro zofiira zozungulira, ndipo mapewa awo ankagwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, koma ankaseka.