Aneba Athu ndi Kaseti Yotafunidwa

Aneba athu, bambo wokonza mawailesi, ali ndi makaseti odzaza katoni, onse a magulu oimba akale amene palibe anawamvapo. Ukatchula gulu lotchuka amakwinya nkhope. "Amenewo anadzigulitsa, mwana wanga," amatero. Ukangowapatsa moni, waziputa: amakukhazika pampando, chala chili m'mwamba, kuti umvetsere ng'oma. Ine pakamwa mpolemera, ndiye amandipezerera.

Tsiku lina m'mawa, ndikuthamangira mayeso olowera ntchito, anandiimitsa pakhomo, riboni ya kaseti ili lendelende m'manja.

"Wailesi yatafuna. Ilipo yokhayi padziko lonse. Ndibwereke kyutekisi wako wopaka zikhadabo uja, timate."

Ndinamata ndine, minibasi ikuliza hutala kumsewu. Iwo anaikulunga ndi pensulo, mosapupuluma.

"Usapite, tiyese kaye."

Magitala anakukuta, wina anakuwa, kenaka zii, nyimbo ili pakati. Minibasi inali itapita.

"Yadukanso?" ndinafunsa, misozi ili m'maso.

"Ayi, yachira bwinobwino," anatero akumwetulira. "Imathera pomwepa. Apa mpamene wang'oma anamenya wagitala, gulu n'kuthera pomwepo. Khala pansi, sunamvetsetse. Tiyambirenso."